Ka GPS kayelo ka Garmin eTrex 10 posaka mabikoni akale kuno ku Lusaka

Garmin eTrex 10 ndi ka GPS kam'manja, kayelo, kakale ndithu poti kanatuluka mu 2011, ndipo ine kanga ndinagula ka salaula pa shopu ina ku tauni cha ku Katondo Street uko. Chimene ndinakagulira ambiri amaseka: ndimasaka mabikoni ndi mabenchimaki a masaveya akale, zipilala za konkire zija zimakhala pamwamba pa timapiri, ndi timabawuti ta brasi tokhomedwa pa makalavati ndi pa milatho. Sindine saveya ayi, ntchito yanga ndi ya muofesi, izi ndi za pa Loweruka chabe, anzanga akamathamangira mpira ine ndimakhala ndili pa minibasi ya ku Kafue ndi mapu mu chola. Kwa amene alibe nthawi yowerenga zonse, kamakina aka kamagwira ntchito, kamakufikitsa pafupi, koma bikoni yeniyeniyo umaipeza ndi miyendo, maso ndi pakamwa pofunsa anthu, ndipo ngati mufuna zosaka mkati mwa tauni mokha ndalama yanu sungani.

Zinthu zimenezi zili mitundu iwiri ndipo ndi bwino kusiyanitsa musanagule chilichonse chifukwa GPS imathandiza pa mtundu umodzi kuposa unzake. Pali zipilala za trig, zimene pa mapu amazilemba ndi ka thirayango kokhala ndi kadontho pakati, izi amazimanga pamalo okwera kuti saveya ataima pa chimodzi aone chinzake patali n'kuyeza mangodya, ndiye dziko lonse analiluka ndi mathirayango otere kalekale kusanabwere masatelayiti. Ndiye pali mabenchimaki, pa mapu amangolemba BM ndi nambala, awa ntchito yake ndi kusunga kutalika kwa malo kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo amatsata misewu ikuluikulu ndi njanji chifukwa masaveya oyeza levulo ankayenda m'menemo. Lusaka wathuyu ali pamwamba pafupifupi mamita 1,280, nambala imeneyo sanangolota, pali anthu anayenda ndi sitafu, ndodo yoyezera ija, phazi ndi phazi mpaka kuibweretsa kuno.

Za pa shopu ndinenepo pang'ono. Mnyamata wogulitsa anali waulemu, anandilola kutuluka nako panja pa msewu kuti kagwire masatelayiti ndisanalipire, apo ndimuyamika. Koma anandiuza motsimikiza ati "ba mudala muli mamapu onse a Zambia umu, mpaka ku komboni", zomwe sizoona, ndipo chingwe chake cha USB analibe, anangoti mukapeza paliponse. Chingwecho ndi mini USB, chokhuthala chija cha makamera akale, sichofanana ndi cha mafoni a masiku ano, ndinazungulira tuntemba tambiri ku City Market ndisanachipeze. Mtengo sinditchula chifukwa kwacha simakhala malo amodzi, koma musavomere mtengo woyamba, ndi katundu woti pashelefu amakhalitsa, ogula ndi ochepa.

Kamakinako m'manja kamakhala bwino, kopepuka, sikafika ndi magalamu 150 omwe mabatire ali momwemo, m'mbali muli labala, ndipo kanapangidwa koti kakanyowa kapena kugwera m'madzi osaya sikafa. Mvula ya mu January inandipeza kutchire ndipo kanangopitiriza ntchito pamene foni ndinali nditaikulunga mu pulasitiki. Sikirini ndi yaing'ono, mainchesi 2.2, yopanda makala, ngati ya Nokia zakale zija tinkasewerera njoka, koma padzuwa la mu October limene foni umachita kuiphimba ndi dzanja kuti uwerenge, iyi imawerengeka bwinobwino. Sikogwira ndi chala pagalasi, kali ndi ka joyisitiki kamodzi kamene umakankha ndi chala chachikulu, kulemba nambala ya manambala asanu ndi awiri ndi kameneka kumafuna mtima, chilembo chimodzichimodzi, ndiye ine mawepoyinti, malo amene umasunga mu kamakina kuti kakulozere, ndimalowetsa usiku kunyumba osati kutchire.

Chimene ndimakakondera kwambiri ndi mabatire. Kamadya AA awiri, a wailesi omwewa, ndipo a Garmin amati amatha kufika maola 25. Ndi mabatire abwino a alkaline ine sindinatsutse, Loweruka lathunthu ndi lina lotsatira osasintha. Ndi otchipa aja a pa kantemba ogula anayi pamodzi, ayi, amafooka msanga, koma nkhani ndi yakuti amapezeka kulikonse, ngakhale pa kagolosale ka kumudzi. Masiku amene malaiti amapita maola ambirimbiri, foni kudzuka ili pa 30 peresenti, pawabanki nayo yakufa, ka GPS aka sikadziwa n'komwe kuti kunja kuli vuto. Kumbukirani chabe kukauza mu Setup mtundu wa batire umene mwaika, alkaline, lithium kapena zotchaja za NiMH, kuti kamita ka batire kaziwerenga zoona.

Mamapu mulibe, izi muzidziwiretu. Muli ka mapu ka dziko lonse lapansi kongosonyeza malire ndi matauni akuluakulu, polowetsa memori khadi palibe, ndiye mukakhala ku Chilanga sikirini imangoonetsa kachizindikiro kanu pakati pa poyera. Mitundu ina ya eTrex yokwera mtengo ndi imene imalandira mamapu. Kwa ine si vuto chifukwa mapu amene ndimafuna ndi apepala, a 1:50,000, amene amagulitsidwa ku Survey Department ya unduna wa za malo ku Mulungushi House pa Independence Avenue. Shiti ya Lusaka tauni ndi 1528 A4, ndipo oyandikana nawo manambala ake amangotsatana choncho. Ambiri mwa mamapu amenewa anachokera pa zithunzi za ndege za kale, ena anajambulidwa mothandizana ndi Directorate of Overseas Surveys ya ku Britain, ndiye mukatsegula mupeza pamene manje pali mayadi ndi mawolofensi pali "farm" ndi tchire. Kwa munthu wofuna njira ndi mapu otha ntchito, kwa ife osaka mabikoni ndiye enieniwo, chifukwa tithirayango tonse tili pomwepo. Muziyang'ananso pansi pa shiti ngati kutalika analemba mu mafiti kapena mamita, akale ambiri ndi mafiti, futi imodzi ndi mamita 0.3048.

Manje apa ndi pamene ka eTrex kanandigwira mtima, nkhani ya datamu, maziko amene manambala a malo pa mapu amawerengedwera. Foni yanu ndi Google Maps zimayendera WGS 84. Mamapu athu akale amayendera Arc 1950, pa elipisoyidi, muyeso wa kuzungulira kwa dziko lapansi, ya Clarke 1880. Manambala a giridi a malo amodzi omwewo pa ziwirizi amasiyana, ndipo kuno ku Lusaka pa UTM, giridi ya mamita ya pa mapu, kusiyanako kumafika pafupifupi mamita 300 cha kumpoto ndi kum'mwera, pamene cha kum'mawa ndi kumadzulo ndi kochepa. Mamita 300 kutchire ndi nkhani yaikulu abale, ukhoza kukwera kaphiri kolakwika kapena kupezeka uli m'munda wa munthu ukufukula udzu pamene chipilala chili tsidya lina la khwawa chikungokuyang'ana. Pa kamakina aka mumalowa Setup, kenako Position Format, pamwamba musankhe UTM UPS, pa Map Datum musankhe Arc 1950, basi, manambala a pa sikirini ayamba kulankhulana ndi a pa pepala. Lusaka ili mu zoni 35, ndiye muona 35 L kutsogolo kwa manambala. Mukabwerera ku tauni n'kufuna kutumizira munthu malo pa WhatsApp mubwezere ku WGS 84, wepoyinti simasuntha, amangosintha ndi manambala oonetsa.

Pali kanthu kena kochenjera nako. Arc 1950 imene ili mu mndandanda wa kamakinaka ndi ya pakatikati, yophatikiza maiko angapo, Zambia, Malawi, Zimbabwe, Botswana ndi ena, ndiye siigwa ndendende pa Zambia, imatha kukutayani ndi mamita angapo. Okonda manambala akhoza kulowetsa zawozawo pa User datum. Ine sindivutika nazo chifukwa cholakwika chachikulu chimachokera pa rula yanga. Pa mapu a 1:50,000 bokosi limodzi la giridi ndi masentimita 2, pansi ndi kilomita imodzi, ndiye milimita imodzi yokha pa pepala ndi mamita 50 pansi. Pepala lakale lopindapinda, pensulo yokhuthala, dzanja kunjenjemera pang'ono, wataya kale mamita 30 kapena 40 usananyamuke n'komwe pa mpando. Ndiye kudandaula kuti GPS yaphonya ndi mamita 4 ndi kungotaya mpweya.

Ndipo Arc ameneyu ali ndi mbiri yake imene imandipangitsa kulemekeza konkire yakale iliyonse. David Gill, katswiri wa zakuthambo amene anayamba kutsogolera obsevatore ya ku Cape mu 1879, ndiye anabwera ndi ganizo loyeza mzere wa mathirayango motsata longichudi 30 kuchokera ku South Africa mpaka ku Egypt. Chigawo cha kuno, nthawi imeneyo kusanakhale Zambia, anayeza Tryggve Rubin wa ku Sweden kuyambira 1903 mpaka 1906, wapansi, katundu yense ali pamitu ya makolo athu amene maina awo sumawaona pa mapu. Ntchito yonse inadzatha mu 1954. Mzerewo unadutsa kum'mawa kwa Lusaka, ife tili pa 28 ndi pang'ono, koma datamu ya mamapu athu inachokera pa ntchito imeneyo. Tangoganizani, Rubin akuyamba kuyeza njanji inali isanafike n'komwe pano, inafika mu 1905, ndipo likulu linadzasamuka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935.

Kutchire kamachita bwanji? Ndikuuzeni za kaphiri kena cha ku Shimabala, kumanzere ukamapita ku Kafue. Ndinatsika minibasi, kuyatsa, pasanathe mphindi kanali katagwira, ndinayatsa GPS ndi GLONASS, masatelayiti a ku Russia, zonse ziwiri, kakulemba kuti kakhoza kuphonya ndi mamita 3. Muvi unaloza kuphiri, makilomita awiri ndi kanthu. Ndisanakwere ndinayamba ndadzera pa mudzi kufunsa a hedimani, izi musamadumphe chonde, munthu wachilendo woyenda ndi kamakina m'manja n'kumayang'ana pansi anthu amadziwa chinthu chimodzi chokha, kuti wabwera kudula mapuloti. Ndinawapeza akusoka thumba pansi pa mtengo wa mango, ndinagwada, "Muli bwanji atate, ndine mlendo, ndachokera ku Lusaka", ndinatulutsa mapu n'kuwaonetsa ka thirayango. Anayang'ana nthawi yaitali osayankha kenako ati "Mwana wanga, chimwala cha azungu chija? Mufuna kukumba?" Ndinati ayi atate, kujambula chabe. Anaseka, n'kuitana mdzukulu wawo kuti andiperekeze.

Mnyamatayo sanayang'aneko GPS ngakhale kamodzi, anangolunjika. Ine ndinkatsatira muvi kuti ndione ngati ziwirizi zigwirizana, ndipo zinagwirizana mpaka pamwamba, pamene kamakina kanati ndafika ndili pa thanthwe lopanda kanthu, iye ali mamita ngati 30 kutsogolo waima pa chitsamba akundikodola. Chipilalacho chinalipo, chofika m'chiuno, konkire yotuwa ya miyala ikuluikulu mkati, ndere zitamera mbali imodzi, pamwamba pali dzenje pamene panali chitsulo, anazula kalekale. M'mbali mwake munthu anakumba dzenje lakuya mpaka chipilala chinapendekeka. Mphekesera yake ndi imodzi kulikonse, ati azungu anakwirira mekyule kapena golide pansi pake. Pansi pa zinthu izi mulibe chuma abale, mukapeza kwambiri ndi kachizindikiro kena ka saveya kosungira malo enieniwo chipilala chikagwa. Ndipo Land Survey Act, Cap 188, imaletsa kuzula kapena kuononga bikoni, ndi mlandu. Chomvetsa chisoni ndi chakuti chipilala chikangopendekeka ntchito yake yatha, saveya sangachikhulupirirenso, chimangotsala chokhalapo abusa a mbuzi.

Pamenepo ndinayesa Waypoint Averaging, imene kamakinaka kali nayo. Umakaika pamwamba pa chipilala, kamawerenga kambirimbiri n'kutenga pakati, ukabweranso tsiku lina n'kuwonjezera nambala imakhazikika bwinoko. Ndi chinthu chabwino kwa ife olemba mu kabuku, ndipo kamasunga mawepoyinti 1,000, sindidzawamaliza.

Zofooka ziwiri zimene muzimva kutchire. Kampasi yake si ya maginito, imadalira kuti mukuyenda, ndiye mukangoima kapena kuyamba kuyenda pang'onopang'ono mu udzu, muvi umazungulira zake, pomwe mamita 20 omalizawo ndi amene umayenda mwakachetechete ukuyang'ana pansi. Gulani kakampasi wamba ka ana asukulu muike mthumba. Chachiwiri ndi kutalika. Kalibe barometa, kutalika kamatenga ku masatelayiti, ndipo GPS ina iliyonse yam'manja imaphonya kwambiri pa kutalika kuposa pa malo. Nditaima phee pa chipilala nambala inkakwera n'kutsika yokha ndi mamita 10 kapena kuposa. Ndiye ngati maloto anu ndi oti muime pa benchimaki n'kuona nambala ya pa mapu ikutuluka ndendende pa sikirini, iwalani, benchimaki anaiyeza mpaka ku mamilimita, kamakina aka sikali mu ligi imeneyo. Pansi pa mitengo yowirira ndi m'makwawa nakonso kamayamba kukayika, 3 uja amasanduka 8 kapena 10.

Nyengo yabwino ndi kuyambira August mpaka mvula isanagwe, tchire likapsa, pa lupsa konkire imaonekera patali. Nthawi ya dzinja udzu umapitirira mutu, njoka zili momwemo, ndipo chitedze chikauma cha m'ma June uko musavale kabudula, ndanena.

Mu tauni ndiye nkhani ina. Mabenchimaki a m'mbali mwa Great East Road, Kafue Road ndi Great North Road ambiri anali pa makalavati ndi milatho yakale, ndipo misewu ikamakulitsidwa, ngalande kumangidwanso, mafulayiova a ku Makeni, Arcades, Longacres ndi Munali kubwera, konkire yakale imapita ndi kabawuti kake komwe. Ena anatsekeredwa mkati mwa mawolofensi, uli panja muvi ukuloza pa geti ya munthu, galu akukuwa. Apa ka eTrex sikaposa foni, mwinanso foni imapambana chifukwa imakuonetsa chithunzi cha satelayiti, umaona kuti kalavati ija ilipo kapena anaifafaniza usanalipire basi. Mafoni a masiku ano amagwira masatelayiti a mitundu yambiri, pamalo poyera kuphonya kwake n'kofanana, ndipo pali maapu amene amatha kusintha datamu, kungoti ambiri amafuna kuwakonza kaye. Kumbali ya njanji musamayende pa mzere popanda chilolezo, ndipo pafupi ndi mabaraki, State House, eyapoti ndi malo ena a boma kamakina kabwerere mu chola, palibe kabawuti koyenera kugonera mu selo. Ngakhale ku komboni, chinthu chayelo m'manja chimakoka maso kuposa foni, pa Loweruka lina anyamata anandizungulira kufunsa kuti mapuloti ayamba liti kugawidwa ndipo alembetse kwa ndani.

Zimenezi zandikumbutsa chinthu chimene achibale andipempha kangapo chigulireni. Wina wagula puloti ku Chongwe kapena cha ku Ngwerere, akukangana ndi neba za malire, ati bwerani ndi GPS yanu mutionere bikoni. Ndimakana. Mabikoni a puloti, tizitsulo tija tothiridwa mu konkire pa ngodya, amafuna kulondola kwa masentimita, aka kamaphonya ndi mamita 3 tsiku labwino, pa puloti ya 20 by 30 mamita atatu ndi chimbudzi chonse cha neba. Kangakuthandizeni kudziwa kuti muli pa puloti yoyenera osati ya munthu wina mzere wachitatu uko, zimenezo inde, bola mudziwe kuti manambala a pa dayagiramu ya puloti yanu ali mu dongosolo liti chifukwa si onse ali mu UTM. Koma zoimika mpanda itanani saveya wa laisensi, mulipire, mugone tulo.

Ndiye agule ndani? Ngati mumapita kunja kwa tauni, ku mapiri a ku Kafue, cha ku Leopards Hill kupitirira kumene tara imathera, ku Chongwe, kumene netiweki imadukaduka ndipo mumakhala tsiku lonse padzuwa, gulani, makamaka ka salaula kali bwino, foni izikhala yojambulira ndi yoimbira mukasochera. Ngati mumangofuna kuyendayenda m'mbali mwa misewu ya mu Lusaka kuyang'ana tibawuti pa milatho, ndalamayo kagulireni mashiti awiri atatu a mapu, rula yabwino yachitsulo ndi nsapato.

Pogula ka salaula tsegulani kumbuyo, kali ndi ka ring'i kopotokola, muone ngati tizitsulo ta mabatire tilibe dzimbiri loyera la batire lotayikira, chifukwa anthu amasiya mabatire mkati zaka. Kankhani joyisitiki mbali zonse zinayi ndi pakati pomwe. Onani labala wa mabatani a m'mbali ngati sanang'ambike, akang'ambika za kusalowa madzi zija zatha. Tulukani nako panja, ngati kakhala nthawi yaitali osayatsidwa kamatenga mphindi zingapo kuti kapeze masatelayiti, zimenezo si vuto, dikirani mpaka muone manambala. Ndipo musanapereke ndalama lowani mu Map Datum mutsike mpaka muone Arc 1950 ndi maso anu, pafupi pomwepo pali Arc 1960, imeneyo ndi ya ku Kenya, Tanzania ndi Uganda, si yathu.